Paipi ya Pansi pa Geti ya Amake Bwezani

Mvula yoyamba ya Novembala sinagwe nthawi yaitali, mwina ola limodzi lokha, koma inakwanira kulowetsa madzi m'midadada yonse ya kuseri kwa mpanda wa Amake Bwezani ku Kabwata. Midadadayo ndi zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi, zogundizana khoma, zomangidwa pamalo otsika. Ngalande ya mumsewu ikasefukira, madzi amatsetsereka ndi kanjira ka m'mbali mwa mpandawo n'kukathera pamenepo. Ndipo satsika okha ayi. Amabwera ndi mapulasitiki ndi matewera a ana, kenaka n'kusakanikirana ndi za m'chimbudzi chokumba chimene mabanja onsewo amagwiritsa ntchito.

M'chipinda cha kumapeto, chotsika kuposa zonse, munkakhala Ba Rachael, mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi anyezi ku City Market, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, Destiny, wa giredi sikisi. Tsikulo pobwera kumsika anapeza matiresi atamwa madzi, mabuku a mwana atamatana, ufa utasanduka phala m'thumba momwemo. Chinali chaka chachisanu zimenezi zikuchitika.

Amake Bwezani, dzina lawo Ba Helen, ndiwo anali wapampando wa komiti ya ukhondo ya mumsewuwo, komanso mtsogoleri wa chigwirizano cha amayi kumpingo wa Reformed, kumene Ba Rachael nawonso ankapemphera. Koma inu, mayi amenewa pakamwa anapatsidwa! Akaimirira pamsonkhano, chitenje chositidwa bwino, magalasi ali pamphuno, ngakhale khansala ankayamba wakhosomola asanawayankhe.

"Vuto ndi zinyalala," ankatero chaka ndi chaka. "Inu a ku midadada mumataya chilichonse m'ngalande, ndiye madzi akakutsatani kunyumba muyambe kulira? Ukhondo, abale, ukhondo!"

A ku midadada ankangowerama. Ena mwa iwo zinyalala ankatayadi, nanga akanatsutsa bwanji?

Koma panali chinthu chimodzi chimene Ba Helen sankachitchula pamisonkhanoyo. Zaka zisanu zapitazo mwana wawo Bwezani ankakwatira mtsikana wa Chibemba wa ku Chelstone, ndipo a kuchikazi anati abwera ndi chilanga mulilo, mwambo uja wobweretsera mkamwini zakudya zamitundumitundu, ng'oma zikulira. Ba Helen sanafune kuti alendo olemekezeka adumphe ngalande ali ndi mapoto pamutu, kapena kusiya magalimoto awo mumsewu. Anaitana mmisiri kuti amange mlatho pageti. Mmisiriyo anati kalavati yeniyeni, paipi yaikulu ija ya konkire yodutsitsa madzi pansi pa njira, imafuna chilolezo cha kukhonsolo ndi milungu iwiri ya ntchito. Masiku otsala anali anayi. Ndiye anagwirizana zachidule. Kukamwa kwa mlatho mbali zonse ziwiri anaikako zidutswa za kalavati yaikulu kuti pazioneka bwino, koma pakati anaika kapaipi ka pulasitiki konenepa ngati mkono wa munthu, n'kukwirira ndi zidutswa za njerwa ndi matumba akale a simenti. Pamwamba anayala konkire yosalala. Alendo anayamikira kwambiri. Mvula itabwera kapaipiko kanatsekeka, ndipo madzi anadzipezera njira ina.

Ba Helen ankadziwa. Amuna awo, Ba Abson, mphunzitsi wopuma ntchito, ankadziwanso. Mvula ikamagwa, awiriwo ankangokweza wailesi ya kanema osayang'anana.

Chaka chimenechi ofesi ya khansala inatumiza uthenga kuti kubwera ophunzira za uinjiniya a ku yunivesite, odzipereka popanda malipiro, amene Loweruka lililonse amathandiza madera ovutika kukonza ngalande, zitsime ndi zimbudzi. Anabwera khumi, atavala majombo ndi zipewa zolimba zachikasu. Wowatsogolera anali mtsikana wochepa thupi wa chaka chomaliza, dzina lake Chibesa, ndipo wosunga zoyezera anali mnzake wamtali, Mpundu. Anazungulira msewu wonse ndi paipi yaitali yoonekera mkati, yodzaza madzi, imene ankayezera kutsika kwa nthaka, uku akufunsa nyumba ndi nyumba kumene madzi amadzera. Wowaperekeza anali ndani? Wapampando, eti!

Atafika pageti ya Ba Helen, Chibesa anagwada n'kusuzumira kukamwa kwa mlatho. Munali matope ndi mdima basi.

"Ba anti, nifunseko chabe," anatero m'Chinyanja cha m'tauni. "Iyi kalavati ni ikulu so mpaka ku mbali ija?"

Anthu a mumsewu anali ataima pomwepo, Ba Rachael ali pakati pawo.

"Ndi yaikulu, mwana wanga. Ya konkire yokhayokha. Poika ndinaimirira ndekha."

"Tingalowetsemo ka chitsulo tione ngati mulibe vinyalala mukati?" anafunsa Mpundu.

"Ayi, musavutike, ndimachotsetsa mwezi ndi mwezi. Dzuwa lonseli, ana inu! Talowani mumwe munkoyo, ndaika m'firiji."

Ana aulemu aja akanatsutsa bwanji mayi wamkulu, wapampando, wowaitanira chakumwa chozizira? Analemba m'kope lawo kuti kalavati ya pageti ili bwino. Ba Helen anawathirira munkoyowo.

Patatha milungu iwiri, ophunzirawo anaitanitsa msonkhano pabwalo la tchalitchi. Chibesa anatambasula chithunzi cha msewu chimene anajambula, n'kufotokoza pang'onopang'ono kuti aliyense amve. Anati ngati kalavati ya kwa wapampando ili yaikulu ndi yotseguka koma madzi akusefukirabe, ndiye kuti madziwo achuluka kuposa mphamvu ya ngalande imodzi. Pakufunika ngalande yachiwiri, yotsika ndi kanjira ka m'mbali mwa mpanda mpaka kukalowa m'ngalande yaikulu ya kuseri. Njira yake inali imodzi yokha, ndipo inkadutsa pakati penipeni pa chipinda cha kumapeto kwa midadada.

"Tayesa mbali zonse," anatero Chibesa, akuyang'ana Ba Rachael mwachisoni. "Ba mayo, mutikhululukile. Iyo nyumba ifunika kugwetsa."

Mwini midadada, bambo wina wokhala ku Woodlands, anavomera pafoni pomwepo. Kutaya chipinda chimodzi kuti zisanu zipulumuke sanakuone kovuta. Mpundu anapita kukalemba mzere wofiira pakhoma la Ba Rachael. Anagwirizana kuti ntchito iyambe Loweruka lotsatira. Anthu anaomba m'manja, Ba Helen nawonso anaomba.

Lachitatu masana kunamveka odi pageti. Anali Ba Rachael, akuchokera kumsika. Mpando anaukana, anakhala pansi pakhonde, miyendo atapinda.

"Amai, nabwela kulaila," anatero potsazika. "Nyumba nasakila mu Kabwata monse, mpaka ku Kamwala, kulibe yamene ningakwanise. Nizabwelela chabe kumunzi ku Katete. Pa Sabata nikwela basi ku Intercity. Destiny azapitiliza sukulu kwamene kuja, ngati malo yazapezeka."

Kenaka Ba Rachael anapitiriza.

"Manje nipemphako, munikambile kwa abusa anilembele kalata yosamukila mpingo. Imwe amakumvelani." Ba Rachael anaweramitsa mutu, n'kuyamba kupotokola nsonga ya chitenje chawo. "Na ine munikhululukile, amai. Munali kutiuza nthawi zonse pa nkhani ya vinyalala, ise osamvela. Onani manje, tavutitsa msewu wonse, mpaka ana a eni ake kuchoka ku yunivesite kubwela kutikonzela."

Kalanga ine! Ba Helen anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire. Mayi wamasiye uyu, amene madzi a pageti pawo anamuonongera katundu zaka zisanu, ndi amene anali pansi kupepesa. Chimene anatha kunena ndi chakuti, "Ndamva, Amake Destiny. Ndiwauza abusa." Anawaperekeza mpaka pageti, ndipo poponda konkire yosalala ija mapazi anawalemera.

Ba Abson anali pampando wawo m'chipinda chochezera, akuwerenga nyuzipepala.

"Atate ake Bwezani, tinene."

"Tinene chiyani?"

"Mukudziwa."

Ba Abson anatsitsa nyuzipepalayo. "Amake Bwezani, mwaganiza bwino? Zaka zisanu mwakhala mukuwaloza chala anthu aja. Ine ndine mkulu wa mpingo. Tidzayenda bwanji mumsewu muno? Ngalande yatsopano ikakumbidwa madzi apita, nkhani yatha. Palibe amene adzadziwe."

"Amake Destiny abwera kudzandipepesa. Kupepesa ine! Akhala pansi pakhonde apo chifukwa cha madzi athu. Akubwerera kumudzi, mwana akuchoka pasukulu, ndipo akufuna kalata yosamukira. Ndipite kwa abusa ndikawapemphere kalata imeneyo ndi pakamwa pangapa?"

Ba Abson anafunsa motsitsa mawu, "Nanga akagumula mlatho, galimoto tiziika kuti?"

"Mumsewu, atate. Mumsewu momwemo."

Kunena m'nyumba n'kosavuta. Lachinayi Ba Helen anatenga foni katatu kuti amuimbire Chibesa, katatu konse n'kuibweza m'thumba. Lachisanu anadzipezera zochita, kuchapa makatani amene anali oyera kale. Kwa abusa sanapite, kwa ophunzira sanaimbe. Mantha ndi manyazi zinawamanga manja.

Loweruka m'mawa msewu wonse unasonkhana ku midadada ndi mapiki, mafosholo ndi mawilibala. Katundu wa Ba Rachael anali panja, atamangidwa m'zitenje. Destiny anakhala pamwamba pa mtolo wina atafungatira chikwama cha sukulu. Mpundu anali atatsamiritsa kale makwerero pakhoma kuti ayambe kuchotsa malata.

"Tikalibe kuyamba," anatero Chibesa, "Ba anti wapampando, titseguliileni na pemphelo."

Amuna anavula zipewa. Onse anatsinzina. Ba Helen, amene anatsegulapo misonkhano yosawerengeka ndi pemphero, anapinda manja.

"Atate wathu wakumwamba, Inu amene mumaona zobisika..."

Anathera pomwepo. Anthu anadikira, ena anayamba kutsegula diso limodzi.

"Tsegulani maso, abale," anatero Ba Helen. "Sindingathe kupemphera. Mpundu, mwana wanga, chotsa makwerero amenewo. Nyumba iyi ilibe mlandu. Ndinakunamizani. Pansi pa geti yanga palibe kalavati. Zazikulu zija ndi zidutswa za kukamwa chabe, pakati pali kapaipi ka pulasitiki ndi njerwa. Tinachita dala pothamangira ukwati wa Bwezani, ndipo kanatsekeka chaka chomwecho. Madzi amene amalowa m'nyumba zanu amabwezedwa ndi geti yanga. Ndakhala ndikudziwa zaka zonsezi, uku ndikukudzudzulani inu."

Mayi wina wa ku midadada anaomba m'manja kamodzi. "Yaba! Ndiye ise tinali kutukwanidwa mahala?" Ena anayamba kung'ung'udza, wina anaseka chiseko chowawa. Ba Helen sanadzitchinjirize. Anaima pomwepo, misozi ikutsika pansi pa magalasi. Ba Rachael anangowayang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko kunawawa kuposa mawu onse aja.

Chibesa anakweza dzanja. "Tiyeni tikaone pa geti tikalibe kukamba vambili."

Gulu lonse linakwera kupita pageti. Mpundu analowetsa chitsulo chachitali kukamwa kwa mlatho. Chinangolowa pang'ono n'kugunda cholimba. Anayesa mbali inayo, chimodzimodzi.

Chibesa anavula chipewa chake n'kutembenukira kwa anthu. "Na ise talakwa," anatero. "Ku sukulu amatiphunzitsa kuti chili chonse uyeze weka, olo wakuuza ni munthu mukulu. Ise tinamvela chabe, sitinayeze. Tikanagwetsa nyumba ya Ba mayo pa zinthu zamene sitinaone na maso. Mutikhululukile."

Ali mkati molankhula, geti inatseguka. Ba Abson anatulutsa galimoto n'kuiimika mumsewu. Anatsika osayang'ana munthu, analowanso m'mpanda, n'kubwera ndi hamala yaikulu. Mkulu wa mpingo uja, malaya oyera, nsapato zopolisha, anamenya konkire yake yekha mpaka inang'aluka. Apo achinyamata anamulandira hamalayo.

Pofika masana zonse zinali poyera: njerwa zoswekasweka, matumba a simenti owola, ndi kapaipi kaja kodzaza matope olimba. Mpundu anakanyamula ndi dzanja limodzi. Palibe anaseka. Ba Helen akanakonda anthu akanaseka, chifukwa chete ameneyo anawalasa mumtima. Koma sanathawire m'nyumba. Anamanga chitenje m'chiuno, anatenga wilibala, n'kuyamba kututa zinyalala za pageti pawo anthu onse akuona.

Atapuma, Chibesa anasonkhanitsanso anthu n'kufotokoza zoyenera kuchita. Anati ngalande ya mumsewu si ya mwini geti, ndi ya msewu wonse, chifukwa madzi a nyumba iliyonse amadzera momwemo. Munthu akafuna kumanga mlatho pamwamba pake, ayambe wapita kukhonsolo, injiniya abwere adzayeze kukula kwa njira ya madzi. Njirayo isachepetsedwe ngakhale pang'ono. Ndipo pamwamba pasatsekedwe ndi konkire yamuyaya, koma paikidwe zivundikiro zonyamulika, kuti mvula isanayambe anthu azitsegula n'kuchotsa matope.

"Na vinyalala naivo ni vuto," anawonjezera. "Ivo Ba anti sananame. Koma ngati njila ya manzi ni yotseka, olo musese bwanji, yazabwela chabe ku nyumba zanu."

Lolemba Ba Abson ndi Chibesa anapita limodzi kukhonsolo. Injiniya wa kumeneko anabwera, anaona zojambula zatsopano za ophunzira, anakonza pang'ono, n'kuvomereza. Simenti, mchenga ndi zitsulo zinagulidwa ku Kamwala ndi banja la Ba Abson, popanda wowakakamiza. Ntchito inatenga Maloweruka atatu, ophunzira akuyeza ndi kuumba zivundikiro, anthu a mumsewu akukumba ndi kusakaniza konkire. Mzere wofiira uja Mpundu anaufufuta yekha ndi laimu. Ba Rachael anamasula mitolo yawo n'kubwezera katundu m'nyumba.

Upampando Ba Helen anautula, ndipo anthu anasankha bambo wina wa ku midadada komweko. Zinawapweteka, tisaname. Kumsika wa Kabwata ankamva anthu akutsitsa mawu iwo akamadutsa. Kutchalitchi anasiya kukhala kutsogolo. Koma chowawa kwambiri chinali chakuti Ba Rachael sankawapatsa moni. Akakumana panjira ankangopatuka mwaulemu n'kupitirira.

Mu Januwale, tsiku lina masana, kunagwa chimvula chimene chinaimitsa magalimoto m'tauni monse. Ba Helen anatenga ambulera n'kutuluka. Pageti madzi ofiira ankathamanga pansi pa zivundikiro zija mwaphokoso, osasefukira. Kanjira ka m'mbali mwa mpanda kanali konyowa ndi mvula ya kumwamba yokha. Anatsika nako pang'onopang'ono mpaka pachitseko cha kumapeto, chitseko chimene m'zaka zonsezi anali asanagogodepo.

"Odi."

Ba Rachael anatsegula. Destiny anali pamphasa, akulemba ntchito ya kusukulu.

"Amake Destiny, ndinapepesa pagulu, koma kwa inu sindinabwere. Ndinkachita manyazi. Ndinakulakwirani kwambiri, inu ndi mwanayu. Ndikhululukireni."

Mvula inkawomba pamalata.

"Munanipweteka, amai," anatero Ba Rachael. "Zaka zonse zija nenze kuganiza kuti ndine wauve. Na mwana wanga nenze kumukalipila pa vinyalala." Anapuma mozama, kenaka anapatuka pakhomo. "Lowani, muzanyowa. Koma nsapato muvulile panja. Muno ni mouma."

Ba Helen anawerama, anavula nsapato zawo zamatope, n'kulowa.

Abale, ngalande ya pakhomo panu ndi ya anthu onse. Musamange kanthu pamwamba pake musanafunse kukhonsolo, ndipo musaichepetse chifukwa chothamangira mwambo kapena kufuna kuoneka bwino, chifukwa madzi amene mwawatsekera amakalowa m'nyumba ya mnzanu wa kumunsi. Ophunzira ndi akatswiri odzipereka akabwera kudzathandiza dera lanu, auzeni zoona zonse, ngakhale zochititsa manyazi, ndipo aloleni ayeze okha. Manyazi a Amake Bwezani anatenga miyezi ingapo n'kutha, koma akanakhala chete tsiku lija, Ba Rachael akanataya nyumba ndipo Destiny akanachoka pasukulu yake.